Bwalo Lonse pa Chithunzi Chimodzi: Kulumikiza Zithunzi za Magemu a Mpikisano wa Galimoto

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO.)

WOULUTSA: Yakwana nthawi yathu yophunzitsana za luso la makompyuta, ndipo lero tili ku magemu a mpikisano wa galimoto. Za kapambanidwe ka mpikisano tizisiye kaye. Nkhani yathu ndi ya zimene anthu ena amachita galimoto zikadutsa kale pamzere womaliza. Amabweza mpikisanowo kuti auonenso, n'kuuimitsa pamalo powakomera, n'kujambula zithunzi zambirimbiri za pa sikirini, kenaka n'kuzilumikiza kuti zipange chithunzi chimodzi chachikulu chotchedwa panorama. Pa chithunzi chotero mumaona kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, nthawi zina kumwamba ndi pansi pomwe, ngati mwaima nokha pakati pa msewuwo n'kumatembenuka.

Inu makolo amene muli pafupi ndi wailesi, musafulumire kupotoza batani poti mwamva za gemu. M'ntchito imeneyi muli masamu a ngodya, muli sayansi ya kuwala, mulinso kuleza mtima. Ine ndimakhulupirira kuti kulibe malo abwino ophunzirirako kujambula panorama kuposa m'gemu, ndipo chifukwa chake muchimva tisanasiyane.

Chilakolako choika dera lonse pa chithunzi chimodzi si cha lero. M'chaka cha 1787, katswiri wopenta zithunzi wobadwira ku Ireland, Robert Barker, analembetsa kuboma la Britain njira yake yopentera mzinda mozungulira. Anayamba ndi mzinda wa Edinburgh monga umaonekera munthu akaima pa phiri la Calton Hill. Pofika 1793 anali ndi nyumba yozungulira ku Leicester Square mumzinda wa London, mmene anthu ankalipira kuti aime pakati n'kumaona chithunzi chowazinga mbali zonse. Patapita zaka zoposa 200, mu 2018, kampani ya Playground Games inaika Edinburgh yemweyo m'gemu ya Forza Horizon 4, achinyamata n'kuyamba kuujambula mzindawo ali khale pabalaza.

Kujambula zithunzi m'magemu a galimoto kunatchuka ndi Gran Turismo 4, gemu imene kampani ya ku Japan ya Polyphony Digital inatulutsa mu Disembala 2004 pa PlayStation 2. Inali ndi gawo lakelake la kamera, ndipo munthu ankatha kusunga chithunzi chake pa flashi. Lero magemu ambiri a mpikisano ali ndi kamera yotere. Ena, monga iRacing ndi Assetto Corsa, mabwalo awo ambiri anakawayeza ndi makina a laser kumalo enieniwo, moti chitunda, chigwa ndi khona zili pamene zilidi. Kwa inu amene mukutimvera muli ku Joni, bwalo la Kyalami, lomwe lili kumpoto kwa Johannesburg ndipo linachititsa mpikisano wa Formula One komaliza mu 1993, linalowa m'gemu ya Assetto Corsa Competizione mu 2020. Munthu wa ku Mzimba kapena ku Chipata amene sanapondepo kumeneko angathe kuima pakati pa bwalolo n'kulijambula.

Wina afunsa kuti, bwanji osangojambula chithunzi chimodzi basi? Sikirini imaonetsa kagawo kochepa chabe ka zimene zakuzungulirani. Kuzungulira kwathunthu ndi madigiri 360, pomwe kamera ya gemu kawirikawiri imaona madigiri apakati pa 60 ndi 90. Mukaitambasula kuti ione zambiri, za m'mphepete zimayamba kukokeka: tayala limasiya kukhala lozungulira, galimoto imatalika. Mukapyola madigiri 120 chithunzi chimanyansa, ndipo kufika 180 n'kosatheka n'komwe pa kamera ya mtundu umenewu. Palinso nkhani ya kukula. Sikirini ya 1920 kwa 1080 ili ndi timadontho ta kuwala, tija timati ma pixel, tongopitirira pang'ono 2 miliyoni. Zithunzi zolumikiza zingakupatseni oposa 40 miliyoni, okwanira kusindikiza pa pepala lalikulu popanda chimbuuzi.

Tsopano tifike pa lamulo limene lasenza ntchito yonseyi. Ndikupemphani muchite nane kanthu kena, kupatula inu amene muli pa chiwongolero kapena pa njinga. Inu ingomverani, mukayesa mukafika. Tambasulani mkono, muimike chala chachikulu patsogolo panu. Tsinzinani diso lamanzere, muone chimene chabisika kuseri kwa chalacho, kaya ndi zenera, kaya mtengo, kaya kalendala ya pakhoma. Tsopano sinthani: penyani ndi lamanzere, mutsinzine lamanja. Mwaona? Chala chadumpha. Komatu chalacho sichinasunthe. Chasintha ndi pamene mukuonera, ndipo kusinthako ndi kwa masentimita 6 kapena 7 okha, mtunda wa pakati pa maso anu awiri. Zapafupi zimadumpha kwambiri, zakutali zimadumpha pang'ono. Akatswiri amati parallax, ndipo ameneyu ndiye mdani wamkulu wa panorama.

Tamvani mmene amaonongera. Pulogalamu yolumikiza imafuna kuti zithunzi ziwiri zoyandikana zigwirizane pa gawo limene zonse ziwiri zajambula. Tiyerekeze kuti pa chithunzi choyamba mtengo wa mbendera waphimba zenera la nsanja ya oyang'anira mpikisano, koma pa chachiwiri mtengowo waima pambali pa zeneralo. Pulogalamu ingapinde zithunzizo mmene ingathere, mtengo ndi zenera sizingakumane zonse nthawi imodzi. Ikagwirizanitsa zenera, mtengo uduka pakati kapena uoneka kawiri. Ikagwirizanitsa mtengo, nsanja ing'ambika. Mankhwala ake ndi amodzi: kamera itembenuke ili pamalo amodzi, osayenda ngakhale pang'ono.

Ojambula ndi kamera zenizeni amatuluka nalo thukuta lamuloli. Kadontho kamene kamera iyenera kutembenukirapo kali mkati mwa lenzi, kotero amagula zida zapadera zomangira kamera pa miyendo yake itatu, n'kutha nthawi yaitali akusendeza pang'onopang'ono mpaka apeze kadonthoko. Pamene akutero mitambo ikuyenda, dzuwa likupendeka, anthu akudutsa. M'gemu mavuto onsewa mulibe. Kamera ya gemu ilibe thupi. Ndi kadontho chabe m'masamu a kompyuta. Ilibe galasi lopinda mizere yowongoka, ilibe dzanja lonjenjemera, ndipo nthawi mungathe kuiimitsa galimoto ili pa liwiro lalikulu, tayala limodzi lili m'malere. N'chifukwa chake ndikuti gemu ndi sukulu yabwino. Chithunzi chikalephera kulumikizika, mlandu sungaupatse mphepo kapena lenzi. Mumadziwa kuti pali sitepe imene yalakwika, ndipo mungathe kubwerera pa mphindi yomweyo n'kuyesanso.

Koma pali msampha. M'magemu ambiri muli kamera imene imazungulira galimoto, galimotoyo ili pakati. Mukakankha kamtengo ka kontirola, mumayesa kuti mukutembenuka, chikhalirecho mukuyenda mozinga galimoto. Zithunzi za kamera yotere sizingapange panorama, ngakhale mutagwiritsa ntchito pulogalamu yodula motani. Muyenera kupeza kamera yomasuka, yotha kuima pamodzi n'kumayang'ana uku ndi uku. Mu Assetto Corsa ya pa kompyuta, imene kampani ya ku Italy ya Kunos Simulazioni inatulutsa mu 2014, mumatsegula fayilo yotchedwa assetto_corsa.ini, n'kusintha mzere wa ALLOW_FREE_CAMERA kuchoka pa 0 kufika pa 1, kenaka m'gemu n'kudina F7. Mu iRacing zida za kamera zimatseguka ndi Ctrl ndi F12. Gemu iliyonse ili ndi khomo lake, koma mayeso ake ndi amodzi, omwe aja a chala. Pezani chinthu chapafupi, monga mzati wa mpanda, chimene chalunjika ndi china chakutali. Tembenuzani kamera mpaka ziwirizo zifike kumphepete kwa sikirini. Ngati zikadali zolunjikana, kamera yanu ndi yoyenera. Ngati zasiyana, funani ina.

Tiyeni tigwire ntchito yeniyeni. Tipite ku Belgium, pa bwalo la Spa-Francorchamps, lotalika makilomita 7 m'nkhalango za Ardennes. Pali malo otchuka pamene galimoto zimatsetsereka kuchokera pa khona ya La Source, n'kufika m'chigwa cha Eau Rouge, kenaka n'kukwera chitunda cha Raidillon zikukhotera uku ndi uku. Ndasankha pamenepa dala. Chithunzi chimodzi sichitha kuonetsa mtsetse ndi chitunda pamodzi, ndipo amene anangoonapo malowa pa kanema sazindikira kuti chitundacho n'chotani. Panorama imaonetsa zonse: kumene galimoto yachokera, pamene ili, ndi kumene ikukwera.

Imitsani mpikisano galimoto ili m'chigwamo. Ikani kamera m'mphepete mwa msewu, pa msinkhu wa munthu woima, motalikirako ndi galimoto kuti yonse ikwane pa chithunzi chimodzi. Mukakhutira ndi malowo, chotsani zala pa mabatani oyendetsera kamera. Kuyambira pano, ntchito ndi ya kutembenuka kokha.

Zithunzi zoyandikana ziyenera kugonerana. Amisiri ofolera nyumba amadziwa kuti malata sangogundana m'mphepete. Lina limagona pa linzake, apo ayi denga lidontha. N'chimodzimodzi pano: gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi chilichonse libwerezedwe pa chotsatira. Tiwerenge. Tinene kuti kamera yanu ikuona madigiri 40 kuchokera pansi kufika pamwamba pa sikirini. Pa sikirini wamba ya 16 kwa 9, m'lifupi mwake ikuona pafupifupi madigiri 66. Mukamatembenuka madigiri 45 pa chithunzi chilichonse, zithunzi 8 zikwanira kuzungulira kamodzi, ndipo chilichonse chigona pa chinzake ndi madigiri 21. Ngati mukufuna chithunzi chachitali chopachika pakhoma, mzere umodziwo ndi wokwanira. Ngati mukufuna mpira wathunthu, wezutsani kamera madigiri 30 mujambule zina 8, muiweramitse madigiri 30 mujambulenso 8. Pa madigiri 60 kumwamba ndi pansi, zithunzi 6 mbali iliyonse zikwana, poti kuzungulira kumachepa mukamayandikira nsonga. Malizani ndi chimodzi choyang'ana kumwamba tolotolo ndi china choyang'ana pansi. Zonse pamodzi ndi 38. Yendani mbali imodzi nthawi zonse, kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuti mukasokonezeka mudziwe pamene mwalekezera.

Musanadine batani ngakhale kamodzi, pali zokometsera zimene muyenera kuzimitsa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Opanga magemu amathira zinthu zoti chithunzi chizioneka ngati cha kamera yeniyeni. Pa chithunzi chimodzi zimakongoletsa, koma pa panorama zimaononga. Choopsa kwambiri ndi kuwala kodzisintha kokha. Gemu imatsanzira diso la munthu: mukayang'ana kudzuwa imadetsa chithunzi, mukayang'ana kunkhalango imachiwalitsa. Ku Spa zimenezi zimaonekeratu, chifukwa mbali ina kuli thambo loyera, mbali ina mitengo yakuda bii. Mukazisiya choncho, thambo la panorama yanu lidzakhala la mizeremizere, kuno kowala, uko kodera. Ikani kuwala pa nambala imodzi, musaisinthenso mpaka mumalize. Zimitsaninso kamdima ka m'makona mwa chithunzi, chimbuuzi chosonyeza liwiro, chimbuuzi cha zinthu zakutali, kuthwanima kwa dzuwa pa lenzi, ndi timchenga totsanzira filimu yakale. Manambala a liwiro, mapu a bwalo ndi maina a oyendetsa zichoke pa sikirini.

Zina sizizimitsika, mumangozizemba. Magemu ambiri amapanga zinyezimiro za pa msewu wonyowa pogwiritsa ntchito zimene zili pa sikirini nthawi imeneyo. Mukatembenuza kamera, chinyezimiro chimasintha kapena kuzimiririka chakumphepete. Choncho panorama yanu yoyamba isakhale ya tsiku la mvula. M'magemu ena mitengo yakutali ndi zithunzi zapyapyala zimene zimatembenuka kutsata kamera, ndipo mbendera, utsi ndi anthu oonerera amapitiriza kugwedezeka ngakhale mpikisano mwauimitsa. Mukatembenuka, dikirani kamphindi kuti mithunzi ndi zakutali zikhazikike, kenaka mujambule. Ndipo musakhudze zumu pakati pa ntchito.

Sungani zithunzi ngati PNG, osati JPEG, chifukwa JPEG imataya zina mwa zimene yaona pofuna kuchepetsa fayilo. Pa Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu pa kompyuta, batani la F12 limasunga JPEG pokhapokha mutasankha kuti lizisunganso kope losafinya. Pa Windows, batani la Windows pamodzi ndi Print Screen limasunga PNG. Kwa inu amene kompyuta yanu ndi yofooka, nayi nkhani yabwino: poti palibe chikuyenda, mungathe kukweza kukongola kwa gemu mpaka pamapeto. Ngakhale izidukiza, chithunzi chituluka bwinobwino. Sunganinso fayilo ya mpikisano wobwezawo, kuti magetsi akathima musayambirenso pachiyambi.

(NYIMBO KWA KANTHAWI KOCHEPA.)

WOULUTSA: Ngati mwangotipeza kumene, tikukambirana za kalumikizidwe ka zithunzi za m'magemu a mpikisano wa galimoto kuti zipange panorama. Zithunzi tajambula, tsopano tizilumikize.

Mapulogalamu alipo angapo. PTGui ya ku Netherlands ndi yachangu koma yogula. Photoshop ili ndi gawo lotchedwa Photomerge. Ine ndikulozerani ku Hugin, yomwe ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows, Linux ndi Mac. Maziko ake ndi Panorama Tools, zida zimene pulofesa wa ku Germany, Helmut Dersch, anayamba kuzigawa mu 1998. Hugin si yokongola m'maso, ndipo tsiku loyamba imaopsa, koma imakuonetsani chilichonse chimene ikuchita, ndipo kwa wophunzira chimenecho n'chofunika kuposa changu.

Mukangolowetsa zithunzi, Hugin ikufunsani za lenzi. Chithunzi cha kamera yeniyeni chimanyamula mbiri yake mkati mwa fayilo, koma cha pa sikirini chilibe mbiri yotere, ndiye muyenera kuiuza nokha. Mtundu wa lenzi sankhani rectilinear, kutanthauza yosapinda mizere. Kenaka ikufuna madigiri a m'lifupi. Chenjerani apa: magemu ena, kuphatikizapo Assetto Corsa, nambala imene amaonetsa ndi ya m'litali, yochokera pansi kufika pamwamba. Mukalemba 40 pamalo pofunika 66, panorama sitsekeka. Ndipo simungangochulukitsa 40 ndi 16 n'kugawa ndi 9. Mupeza 71, yomwe ndi yolakwika. Ophunzira a kusekondale, tengani kakyuleta. Theka la 40 ndi 20. Tangent ya madigiri 20 ndi 0.364. Chulukitsani ndi 16, mugawe ndi 9, mupeza 0.647. Bwezani nambalayi kukhala ngodya, ikupatsani madigiri 32.9. Kuwirikiza kawiri, 65.8. Masamu aja mumafunsa kuti mudzawagwiritsa ntchito kuti, ntchito yake imodzi ndi imeneyi. Manambala okonzera kupindika kwa galasi, amene Hugin imawatcha a, b ndi c, asiyeni pa 0, poti kamera yathu ilibe galasi.

Kenaka pulogalamu imasaka madontho ofanana pa zithunzi zoyandikana: ngodya ya denga apa, nsonga ya chilembo pa chikwangwani apo. Mu Hugin amalembedwa kuti control points. Njira yoti kompyuta izipeza yokha madontho otere inapita patsogolo kwambiri ndi ntchito ya David Lowe wa pa University of British Columbia ku Canada, amene anafalitsa njira yotchedwa SIFT mu 1999, ndipo pambuyo pake iye ndi Matthew Brown anapanga pulogalamu ya AutoStitch. Koma bwalo la mpikisano limapusitsa kompyuta kuposa malo ena ambiri, chifukwa ladzaza ndi zinthu zobwerezabwereza. M'mphepete mwa msewu wa Spa muli mizere yofiira ndi yachikasu yotsatizana. Kachigawo kalikonse n'kofanana ndi kanzake. Mpanda wa waya ndi womwewo kuyambira apa mpaka uko. Chikwangwani chimodzi chotsatsa malonda chimabwerezedwa kakhumi. Opanga gemu nawonso, pofuna kupeputsa ntchito ya kompyuta, amakhazika munthu mmodzi yemweyo m'malo ambiri pakati pa oonerera. Pulogalamu imagwira mzere wofiira wachitatu pa chithunzi ichi n'kuuphatika pa wachisanu wa chithunzi icho, msewu n'kuthyoka.

Ntchito ya munthu ili pamenepa, ndipo musaithawe. Tsegulani mndandanda wa madonthowo. Hugin imaonetsa kuti lililonse laphonya ndi ma pixel angati. Amene aphonya kwambiri afufuteni, ndipo pamene pasowa muikepo anu ndi dzanja, pa zinthu zosabwerezeka: nsonga ya nsanja, nambala ya pa galimoto, ngodya ya mlatho. Madontho 5 kapena 6 omwazikana bwino pakati pa zithunzi ziwiri amaposa 50 ounjikana pamalo amodzi. Pa zithunzi za m'gemu zojambulidwa bwino, kuphonya kuyenera kutsika kufika pa pixel imodzi kapena ziwiri. Kukakana kutsika, ndiye kuti kamera inayenda, ndipo kuli bwino kubwerera kukajambulanso kusiyana ndi kutha usiku wonse mukuphimba zipsera. Thambo loyera ndi phula losalala zilibe pogwira. Zithunzi zimenezo mungazilembere nokha madigiri ake, poti mukudziwa mmene munatembenukira. Pomaliza, ngati malire a dziko ndi thambo akuoneka ngati funde, sonyezani pulogalamu mizere ingapo imene mukudziwa kuti inaima chilili, monga makoma ndi mizati ya magetsi, ndipo iwongola.

Chimene Hugin yapanga tsopano ndi mpira, inu muli mkati mwake. Kuti mpirawo ugone pa pepala lafulati, china chake chiyenera kupotoka, monga mmene mapu a dziko lonse amatambasulira Antarctica kukhala chimzere chachitali pansi pake. Njira yotchedwa equirectangular imatulutsa chithunzi chimene m'lifupi mwake ndi kawiri m'litali; pa chitsanzo chathu cha Spa ndi pafupifupi ma pixel 9,300 kwa 4,650. Poyang'ana ndi maso chimaoneka chokhotakhota, koma ndi chimene mafoni ndi makompyuta amafuna kuti munthu azitembenuka mkati mwake. Chosindikiza pa pepala sankhani cylindrical, kapena Panini, imene inatchedwa dzina la wopenta wa ku Italy Giovanni Paolo Panini ndipo imasunga bwino mizere yolowera pakati, monga msewu wowongoka. Stereographic imapinda bwalo lonse kukhala kadziko kakang'ono kozungulira, mitengo ili njo m'mphepete. Ana amaikonda kwambiri.

Misoko imasalazidwa ndi kachida kotchedwa Enblend, kamene kamabwera pamodzi ndi Hugin. Langizo langa ndi limodzi: msoko usadutse pa galimoto. Gwiritsani ntchito chida cha mask, muuze pulogalamu kuti galimoto yonse itengedwe pa chithunzi chimodzi. Diso la woona limathamangira pa galimoto. Kalakwika kakang'ono m'masamba a mitengo palibe adzakaone, koma tayala loduka aliyense aliona.

Ena mwa inu mukudziwa kuti pali njira zachidule. Mu 2016 kampani ya Nvidia inatulutsa chida chotchedwa Ansel, chimene chinkatembenuza kamera chokha, kujambula ndi kulumikiza, koma chinkafuna khadi la zithunzi la Nvidia ndiponso gemu imene opanga ake anavomera kuti chizigwiramo. Palinso njira ya zithunzi 6 zokha, chilichonse cha madigiri 90 ndendende m'litali ndi m'lifupi, ngati nkhope za bokosi, kwa amene gemu yawo imalola kulemba ngodya za kamera ndi manambala. Njira zimenezi n'zabwino, ndipo sindikuletsani. Koma woyamba ayambe ndi dzanja. Amene analimbanapo ndi madontho pa mizere ya Spa amadziwa chifukwa chimene chithunzi chathyokera, ndipo nzeru imeneyo amapita nayo ku kamera iliyonse imene adzagwire.

Pogawana ndi anzanu, kumbukirani kuti WhatsApp imafinya zithunzi. Tumizani ngati dokyumenti kuti thukuta lanu lisapite pachabe, ndipo muyambe mwaona kukula kwa fayilo musanathe bandulo. Facebook inayamba kulandira zithunzi zozungulira mu 2016, ndipo imazizindikira ndi kachizindikiro kolembedwa mkati mwa fayilo, kamene mungakaike ndi pulogalamu yaulere ya ExifTool. Za umwini nazo tisazilambalale. Maso ndi luso ndi zanu, koma galimoto, mabwalo ndi zizindikiro za m'gemu zili ndi eni ake. Microsoft, mwachitsanzo, ili ndi malamulo olola okonda magemu ake kugawana zimene apanga, koma amaika malire pa zogulitsa. Musanasindikize kuti mugulitse, werengani malamulo a gemu imene mwajambulamo.

Nanga inu amene mulibe kompyuta ya magemu? Lamulo lija la chala ndi lomwelo pa foni yanu. Ambiri pojambula panorama amatambasula mikono n'kuzungulira ndi thupi lonse, foni n'kuyenda mtunda wautali, kenaka n'kumadabwa kuti mpanda waduka bwanji. Sabata ino yesani motere. Mangani kamwala ku ulusi, ulusiwo muugwire pansi penipeni pa lenzi ya foni, kamwalako kalendewere pamwamba pa chizindikiro chimene mwalemba pansi. Inuyo ndi amene muziyenda mozungulira foniyo, kamwala kasachoke pa chizindikiro. Jambulani zithunzi zogonerana mpaka mubwerere poyambira, kaya ndi pabwalo la sukulu, kaya kumunda, kaya kunyanja, n'kukazilowetsa mu Hugin pa kompyuta iliyonse imene mungapeze. Aphunzitsi a masamu ndi a sayansi, atengeni ana anu muchite nawo zimenezi panja.

(NYIMBO YOTSEKERA.)